Mdima wadwala, ndikulemba momwe zikuyendera

Ndayamba kulemba izi usiku wa Lachinayi titabwerako kwa dokotala wa ziweto. Adokotala andiuza kuti ndizilemba chilichonse chimene galuyu akuchita, wadya chani, wamwa madzi ochuluka bwanji, mkodzo ukuoneka motani, nde ndaona kuti bola ndizilemba pompano kuti anzanga oweta agalu muzionera limodzi. Masiku awiri oyambawo ndalemba pokumbukira.

Tsiku 1, Lachiwiri

Mdima ndi galu wathu, wamphongo, wakuda bii, ali ndi zaka zinayi. Tinamutenga ali kamwana kwa achimwene ku Lunzu, anabwera mu katoni ya sopo akulira njira yonse. Kuno ku Machinjiri mpanda wathu sunathe, kumaso kuli njerwa koma kuseri ndi malata akale basi, ndiye amene amatilondera kwenikweni ndi iyeyu. Timagona tulo chifukwa cha iye.

M'mawa mayi akunyumba anamupakulira phala la madeya losakaniza ndi mitu ya usipa monga mwa masiku onse, iye kungonunkhiza n'kubwerera kukagona pansi pa mpeyala. Mdima sasiya chakudya, amanyambita mbale mpaka kuikankhira kukhoma. Ine ndinati mwina wadya zina kudzala, ndinanyamuka kupita kuntchito. Madzulo ndikutsegula geti sanandithamangire, anangokweza mutu n'kugwedeza mchira kawiri ali chigonere. Phala lija linali pomwepo ntchentche zili ng'waa.

Tsiku 2, Lachitatu

Tsiku limeneli ndi limene ndikudandaula nalo mpaka pano, chifukwa ndikanapita naye kuchipatala tsiku lomweli akanavutika pang'ono.

Mwana wanga wamkazi, wa Sitandade 5, ndi amene anaona koyamba. Anabwera akuthamanga ndikusamba m'maso kuti adadi Mdima wakodza magazi. Nditapita kukaona pasimenti ya kukhonde lakuseri panali mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka amene wakhalitsa mu thipoti. Galu akupuma wefuwefu pamene kunja kunali kozizira ndi mvula yausiku, makutu otentha, poyenda miyendo yakumbuyo dzandidzandi.

Nkhani sichedwa kufala m'dera lathu lino. Aneba athu akumtunda anasuzumira pampanda n'kunena kuti achimwene ameneyo ndi chiwewe, muphereni msanga asanalume ana. Sindikuwada ayi, ana awo amasewera pakhomo pathu ndipo chiwewe chapha ana ambiri m'Blantyre muno, munthu akangoyamba kuonetsa zizindikiro ndiye kuti kwatha. Koma ndinalowa m'nyumba n'kutulutsa khadi la katemera. Chiyambire 2015 a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera waulere mumzinda uno, cholinga chawo n'choti agalu 70 pa 100 aliwonse abayidwe kuti matendawa asamafalikire, ndipo Mdima sanaphonyepo, chaka chilichonse mwana wanga amamukoka pachingwe kupita naye kusukulu komwe amabayirako, amabwerako ali ndi penti pamphumi. Anebawo anawerenga khadi lija n'kuti chabwino, komabe mumumange. Ndinamumanga, zinali zomveka.

Masana ndinapempha kuti ndiweruke msanga, ndinalowa mu shopu ina yogulitsa mankhwala a ziweto mtawuni. Mnyamata wa pakauntala nditamufotokozera sanafunse n'komwe kuti galuyo ndi wamkulu bwanji, anangotulutsa kapaketi ka ufa wachikasu n'kuti sungunulani m'madzi mukamubaye pantchafu, timabayira ng'ombe omwewa. Ndinafunsa kuti ndibaye wochuluka bwanji, iye akuti mungoyerekeza. Mtima wanga unakana, ndinabweza kapaketiko. Mnzanga wina wakuntchito anati ingomupatsani Brufen thupi lizizire. Zimenezonso sindinachite, osati chifukwa ndimadziwa kuipa kwake, koma Mdima samatsegula kukamwa n'komwe.

Usiku anangomwa madzi pang'ono. Sanauwe ngakhale kamodzi, kunja kunali zii, ndipo ine ndi mayi akunyumba sitinagone, tinkangomvetsera.

Tsiku 3, Lachinayi

Kupeza transipoti kokha inali ntchito. Minibasi ziwiri zinakana, kondakitala akuti galu wodwala salowa, anthu atsika onse. Pa kabaza sizikanatheka. Mapeto ake ndinaimbira mkulu wina wa Sienta amene timapemphera naye, anayala masaka kumbuyo, ine ndinamunyamula Mdima m'manja ngati mwana. Apa m'pamene ndinazindikira kuti wapepuka, nthiti zikumveka m'manja.

Tinafika cha m'ma 9. Adokotala ndi mayi wachitsikana ndithu koma manja ake ndi odziwa ntchito. Chinthu choyamba anamukweza pasikelo, makilo 18, pomwe pa khadi lake la chaka chatha analemba 21. Kenako anamupima kutentha, 40.6. Anandiuza kuti galu wabwinobwino amakhala pakati pa 38 ndi 39 kapena kupitirira pang'ono chabe. Kenako anachita chinthu chimene ine zaka zinayi zonsezi sindinachitepo, anakweza mlomo wam'mwamba wa galu n'kundiitana.

"Bambo, tabwerani muone nkhamazi."

Zinali zoyera mbee ngati pepala, cha kumapeto kukuoneka kachikasu. Anati nkhama za galu wathanzi zimakhala zofiirira ngati mkati mwa mlomo wanu, mukazidina ndi chala zimayera n'kubwerera msanga pasanathe masekondi awiri. Anatembenuza khutu, m'kati munali nkhupakupa zitatiriza mzere, zina zing'onozing'ono zofiirira, ziwiri zitakhuta magazi zatuwa ngati nyemba zonyika. Anatsegula pakati pa zala zakumapazi, momwemonso. Pakhosi pansi pa kolala, momwemonso. Pa ubweya wakuda siziwoneka ukangoyang'ana patali, mpaka upapase ndi manja, ndipo ine ndimangomusisita pamutu pokha ndikamabwera kuntchito. Zinandiwawa kwambiri.

Anaboola kansonga ka khutu ndi singano n'kutenga kadontho ka magazi, kupaka pa kagalasi, kuthira mankhwala a mtundu, kenako kuika pa maikulosikopu. Atapeza chimene amafuna anandilola kusuzumira. Ndinaona timipira tambirimbiri totuwa, ndiwo maselo ofiira a magazi, nde mkati mwa ena muli tinthu tiwiritiwiri tooneka ngati timapeyala tagundana kumapeto. Anati amenewo ndi Babesia, tizilombo timene nkhupakupa imalavulira m'magazi ikamayamwa. Timalowa m'maselo ofiira, kuswana momwemo mpaka selo kuphulika, ndiye chifukwa chake magazi akuchepa, ndipo kufiira kwa mkodzo kuja ndi zotsalira za maselo ophulikawo zikutuluka kudzera mu impso. Anati mungoti ndi malungo a agalu, kungoti awa sabwera ndi udzudzu.

Anayezanso kuchuluka kwa magazi, amati PCV. Galu wathanzi amakhala pakati pa 37 ndi 55. Mdima anali pa 19. Anati akatsika kufika cha m'ma 15 kapena kutsikirapo tidzayamba kukamba zomuika magazi a galu wina.

Nditawauza za kapaketi kadzulo kaja anagwira kukamwa. Anati mankhwalawo ndi omwewo ndithu, diminazene, ambiri amawadziwa kuti Berenil, ndipo ndi amene amubaye, koma kwa galu malire pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wopha ndi ochepa kwambiri, ukapitiriza amaononga ubongo, galu amayamba kuuma khosi, kuzungulira, kugwa, ndipo nthawi zambiri sabwereranso. N'chifukwa chake anayamba ndi sikelo. Anatinso sabwerezedwa pasanathe milungu itatu, ndiye ndikanamubaya dzulo mongoyerekeza iwo lero manja awo akanamangika. Za Brufen anati amaboola chifu cha galu ndi kuononga impso, osayerekeza n'komwe.

Anamubaya jakisoni uja, kumuika dripi kwa maola awiri chifukwa madzi anali atatha m'thupi, n'kutipatsa mapilisi a doxycycline oti amwe masiku 28. Anafotokoza kuti nkhupakupa zimabweretsanso kachilombo kena kotchedwa Ehrlichia, kawirikawiri matenda awiriwa amayendera limodzi ndipo jakisoni uja sapha kachilomboka. Nkhupakupa zimene zinaoneka anazichotsa yekha ndi kachitsulo, kugwira pafupi ndi khungu n'kukoka molunjika pang'onopang'ono, kuziponya mu kabotolo ka spirit.

Ndalama yapita yambiri. Tagwiritsa ntchito imene tinasungira feteleza wobereketsa wa kamunda kathu ka ku Lunzu. Ndinawaimbira mayi akunyumba ndili pakauntala, iwo anangoti lipirani bambo, za feteleza tiona ku banki m'khonde.

Pano ndi 10 koloko usiku. Tamugoneka m'khichini pa bulangete lakale. Wamwa madzi theka la kapu, chakudya ayi.

Tsiku 4, Lachisanu

Usiku unali wautali. Cha m'ma 2 anasanza zachikasu, kenako anayesa kudzuka n'kugwera pa ndowa. Magetsi anali atazima, ndinakhala naye pansi ndi tochi ya foni ndikumuthira madzi m'mbali mwa kamwa ndi sirinji yopanda singano, pang'onopang'ono kuti asatsamwe, monga anandionetsera adokotala. Nthawi ina ndinaika dzanja pachifuwa pake, mtima ukugunda mothamanga ngati wa nkhuku. Ndinapemphera, sindibisa.

Piritsi loyamba linavuta. Ndinalibisa mu kachidutswa ka chiwindi cha nkhuku, iye kukana. Mapeto ake ndinatsegula kukamwa n'kulikankhira kumapeto kwa lilime, kutseka mlomo, kusisita pakhosi mpaka anameza, kenako madzi pang'ono kuti lisakakamire pakhosi. Adokotala anati bola azimwa atadya kanthu chifukwa m'mimba mopanda kanthu amachititsa nseru, koma lero panalibe kuchitira mwina.

Kutentha kwatsika, makutu sakuotchanso. Mkodzo ukadali wofiirira. Nkhama zoyera.

Mwana wanga wakana kupita kusukulu m'mawa, ndinachita kumulonjeza kuti akaweruka amupeza. Nditanena mawu amenewo ndinachita mantha ndekha.

Tsiku 5, Loweruka

Tinabwereranso kukayezetsa. Kutentha 38.9, zabwino. Pa kagalasi tizilombo tija sitikuonekanso kwenikweni. Koma PCV yatsika kufika 17 ndipo m'maso moyera muja mwachita chikasu. Ine mtima unangoti phwii, ndinaganiza kuti mankhwala sanagwire. Adokotala anandikhazika pansi n'kunena kuti zimachitika, tizilombo tikafa thupi limapitirizabe kuchotsa maselo amene anaonongeka kale, ndiye magazi amatha kutsikabe kwa masiku angapo asanayambe kukwera, ndipo chikasucho ndi chiwindi chikulimbana ndi zinyalala za maselo amenewo. Chimene anati ndiyang'anire ndi kupuma movutikira, kukomoka, kapena kusiya kukodza. Chikachitika chimodzi mwa izi ndisadikire kuche.

Anafunsanso kuti kodi kunyumba amadya chani. Nditatchula zotsala za ndiwo anafunsa ngati mumakhala anyezi. Anyezi ndiye sasowa mu ndiwo zathu. Anati anyezi ndi adyo zimaononga maselo ofiira a galu, zophika kaya zaziwisi, ndiye kwa galu amene magazi achepa kale ndi kuthira mchere pachilonda. Zimenezi sindinkazidziwa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri amene timapatsa agalu makombo sitidziwa. Kuyambira lero mphika wa Mdima ndi wakewake.

Pamene timadikira panja panali agogo ena aamuna atanyamula kagalu m'chitenje, kakutsegula m'mimba zamagazi, fungo lake losaiwalika. Ndinamva akuti ndi parvo, kanali kasanabayidwe katemera aliyense. Anatiuza kuti tikhale kutali nako. Agogo aja anakhala pabenchi chipewa chili m'manja osayankhula ndi munthu. Ndakhala ndikuwaganizira tsiku lonse.

Tsiku 6, Lamulungu

Palibe kusintha kwenikweni. Wagona tsiku lonse, wamwa madzi yekha kawiri, wanyambita msuzi wa nkhuku wopanda mchere masipuni anayi. Sindinapite ku tchalitchi.

Tsiku 7, Lolemba

Wadya!! Mayi akunyumba anandiimbira ndili kuntchito cha m'ma 11, mawu akunjenjemera, akuti bambo wadya. Anamuphikira phala la mpunga lamadzimadzi ndi chiwindi cha nkhuku chodulidwa ting'onoting'ono, anayamba ndi kunyambita chala chawo, kenako anadzuka yekha kupita pa mbale. Sanamalize koma theka linapita. Ndinatuluka muofesi kukaima panja kaye chifukwa misozi inali pafupi.

Madzulo mkodzo wasintha, tsopano ndi wachikasu chakuda ngati Fanta, osatinso tiyi uja. Ndikakweza mlomo ndikuona ngati kufiirira kwayamba cha kumtunda kwa mano aakulu, mwana wanga akuti nayenso akuona. Piritsi lalowa mosavuta mkati mwa chiwindi.

Tikumupatsa chakudya pang'ono pang'ono kanayi patsiku m'malo mwa mbale imodzi yaikulu. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka n'kukhala ngati minga m'matumbo.

Tsiku 9, Lachitatu

Akudya bwino, akutuluka yekha kukadzithandiza kuseri. Akayenda pang'ono amakhala pansi n'kupumira m'mwamba. Anafuna kuthamangira mphaka wa aneba, masitepe atatu okha n'kukhala pansi. Tikumutsekera m'khichini ana akamasewera mpira kuti asatengeke.

Tsiku 12, Loweruka

Lero linali tsiku la nkhondo ndi nkhupakupa, ndipo ndilemba zambiri chifukwa apa m'pamene panagona vuto lonse.

Adokotala anandichenjeza kuti kuchiza galu n'kumubwezera pamalo omwewo ndi kutunga madzi ndi dengu. Nkhupakupa zimene timaziona pagalu ndi zochepa, zambiri zili pansi. Yaikazi ikakhuta imagwa n'kukabisala n'kuikira mazira masauzande, ndipo mtundu wofiirira uja umakonda kukhala m'ming'alu ya khoma ndi m'makola a agalu, umakwera ndithu khoma. Ndinkamva ngati akukokomeza mpaka nditagwetsa kakhola ka Mdima.

Kakholako ndinamanga ndekha ndi njerwa zosawotcha ndi lata limodzi pamwamba. Nditachotsa lata n'kusuntha njerwa yoyamba, pansi pake panali waa, tinkhupakupa ting'onoting'ono ngati mchenga tikuyenda, ndipo mu mng'alu wina munali mulu wa timazira tofiirira tonyezimira pafupi ndi chikhungwa cha mayi wake chitafota. Thupi langa lonse linachita tsemwe. Apa ndi pamene galu wanga amagona usiku uliwonse akatopa ndi kulondera. Masaka amene amagonera ndinawotcha onse. Njerwa ndinazitaya kutali, pamalopo ndinathira madzi owira mapoto atatu.

Kenako udzu. Mvula ya Januwale ino udzu wakuseri unafika m'mawondo, ine ndimangoti ndidzatchetcha Loweruka, Loweruka lake osafika. Ndinabwereka chikwakwa, achimwene anabwera kuchokera ku Lunzu kudzandithandiza, tinatchetcha mpaka kumpanda n'kukokolola zonse. Atatha anapopera mankhwala a dip m'makoma akuseri, m'ming'alu ya khonde ndi pansi pa mpeyala ndi sipuleya yawo ya kumunda. Tinasungunula motsatira zolembedwa pabotolo, atavala magolovesi ndi kansalu kukamwa, ana ndi nkhuku tinazitsekera kumaso mpaka pouma. Botolo lotsala ndaliika pamwamba pa kabati yokhoma, mankhwala amenewa ndi poizoni ndithu kwa mwana.

Mdima yekha sitinamusambitse mu dip. Adokotala anakaniza, akuti amitraz, mankhwala amene ali mu dip imeneyi, imafooketsa ngakhale galu wathanzi, ndiye wodwala ngati uyu ikhoza kumugwetsa. Pakadali pano ndikumupapasa ndi manja madzulo aliwonse, m'makutu, pakhosi, m'khwapa, pakati pa zala, pansi pa mchira. Lero ndapeza ziwiri. Achimwene amafuna kuziwotcha ndi ndudu zili pathupi monga timachitira kumudzi, ndinawaletsa, ndinazikoka momwe ndinaonera kuchipatala n'kuziponya mu parafini. Osaziphwanya ndi zikhadabo.

Achimwene pochoka anandifunsa kuti zonse pamodzi zadya zingati. Nditawauza anapukusa mutu n'kuti ndalama imeneyo ukanagula ana agalu asanu. Sindinakwiye, ndi momwe tinakulira, kwathu galu akadwala amangoti akadya udzu achira, akapanda kuchira amakafera kutchire. Ndinangowakumbutsa za chaka chatha pamene anyamata ena anadula lata lakuseri usiku wa mvula, ife tonse tili m'tulo, Mdima yekha n'kuwathamangitsa mpaka kumtsinje, anabwerako ali ndi bala la chikwanje paphewa. Chipsera chake chilipo mpaka pano, ubweya sunamerepo. Achimwene anakhala chete, kenako anawerama n'kumusisita pamsana asanakwere njinga.

Tsiku 15, Lachiwiri

Aneba akumtunda aja abwera madzulo ano, atanyamula kapepala ka bonya, akuti ndi ka wodwalayo. Anafunsa kuti tiwaonetse momwe amaonera nkhama chifukwa nawonso galu wawo akukanda makutu kwambiri. Mwana wanga ndi amene anawaonetsa, anakweza mlomo wa Mdima mwaulemu ngati adokotala aja. Tinapita limodzi kwawo, nkhama za galu wawo zili bwino koma m'makutu mwadzaza. Tagwirizana kuti Loweruka achimwene akabwera adzapoperenso kwawo, chifukwa mpanda wathu ndi umodzi ndipo nkhupakupa sizidziwa malire a puloti.

Bonya ndinamuviika m'madzi kaye kuti mchere uchoke.

Tsiku 17, Lachinayi

Kuchipatala kachitatu. Ulendo uno anakwera yekha mu Sienta. Makilo 19, kutentha 38.6, PCV 28. Chikasu cham'maso chatha. Adokotala anamwetulira n'kuti thupi layamba kupanga magazi atsopano, koma mapilisi apitirire mpaka masiku 28 akwane, osasiya poona kuti wachira. Anati anthu ambiri amasiyira panjira galu akangoyamba kudya, kenako Ehrlichia uja amabisala m'thupi n'kudzabweranso patapita miyezi ali woopsa kuposa poyamba.

Tinakambirana zoteteza. Pali dip ya mlungu ndi mlungu imene ndi yotchipa koma imafuna khama, pali mankhwala odontheza pakhosi a mwezi ndi mwezi, palinso piritsi lotafuna la Bravecto limene limagwira milungu 12 koma mtengo wake ndi wokwera. Ndinawerengera pamtima, piritsi limodzi silikufika pa zimene ndalipira masabata awiri apitawa. Tagwirizana kuti nyengo ya mvula ino amwe piritsilo, chilimwe tidzaone ngati tingabwerere ku dip. Wamwa lero lomwe, anatafuna ngati nyama.

Anandiuzanso kuti kudwala kamodzi sikutanthauza kuti sadzadwalanso, nkhupakupa ina ikhoza kubweretsanso matenda omwewa. Katemera wa matenda ena monga parvo ndi distemper, amene Mdima sanabayidwepo chifukwa ine ndinkaganiza kuti wa chiwewe uja ndi wa zonse, anati tidikire achire kaye bwinobwino, katemera sabaya galu wodwala.

Ndinafunsa za kagalu ka agogo aja. Anangopukusa mutu.

Tsiku 21, Lolemba

Ndinaiwala piritsi la dzulo madzulo, tinali kumaliro ku Chirimba ndipo tinabwerako usiku. Ndinaimba foni m'mawa, anati ndisamupatse awiri nthawi imodzi, ndingopitiriza monga mwa masiku onse. Mwana wanga wajambula timabokosi pa kalendala ya kukhichini, akumachonga yekha piritsi likalowa. Kuyambira lero ntchito yokumbutsa ndi yake.

Tsiku 24, Lachinayi

Usiku wathawu cha m'ma 1 wauwa. Kuuwa kwenikweni kochokera pachifuwa, kuja kumamveka mpaka kumsewu. Tinadzidzimuka tonse, mayi akunyumba anandigwira mkono n'kuti mwamva? Ndinatuluka ndi tochi, panalibe munthu, mwina anali agalu oyendayenda kuseri kwa malata. Iye ataima pakati pa bwalo mchira uli m'mwamba, ubweya wapamsana utaima. Milungu itatu yathunthu pakhomo pano panali zii usiku. Ndinakhala naye pakhonde kwa kanthawi ndisanabwerere kukagona.

Tayamba kubwezeretsa phala la madeya pang'onopang'ono, kusakaniza ndi mpunga, usipa ndi dzira lowiritsa kawiri pamlungu. Chiwindi tachepetsa, kawiri pamlungu basi.

Tsiku 27, Lamulungu

Khola latsopano latha. Ulendo uno pansi ndi pasimenti, makoma tapaka pulasitala kuti pasakhale ming'alu, ndipo pogona ndi thabwa lokwezeka loti nditha kulitulutsa n'kulitsuka. Simenti ndi thumba limodzi lotsala la aneba, akana kuti ndiwalipire. Mdima wakana kulowamo, wazolowera bulangete la m'khichini, moti tachita kusamutsira bulangetelo m'kholamo ndiye walowa.

Feteleza uja tagula theka la thumba ndi ngongole ya ku banki m'khonde, achimwene athira dzulo. Wachedwa pang'ono koma chimanga chisanamasule.

Tsiku 31, Lachinayi

Bokosi lomaliza pa kalendala lachongedwa. Tinapita kukayezetsa komaliza, makilo 20 ndi theka, PCV 36, yatsala pang'ono kufika pamlingo wake. Nkhama zofiirira bwinobwino, ndikadina zikubwerera nthawi yomweyo. M'makutu mulibe kanthu, pakati pa zala mulibe kanthu.

Zotsala: katemera wa parvo ndi distemper pakatha milungu iwiri, adokotala alemba tsiku pa khadi. Piritsi lina la nkhupakupa milungu 12 ikakwana kuchokera pa Tsiku 17, ndayamba kale kupatula kandalama pa Mpamba mlungu uliwonse. Kupoperanso kuseri Loweruka likudzali, kwathu ndi kwa aneba, chifukwa mazira amene anatsala m'ming'alu akhala akuswa. Udzu wayambanso kukula, chikwakwa ndagula changa. Kuona nkhama Lamulungu lililonse tikabwera ku tchalitchi, mwana wanga walemba kale pa kalendala ya mwezi wamawa.